Pedulo Yachitatu

— Halo?

— Halo, ndikuyankhula ndi a Rabson a galaja ya ku Biwi?

— Omwewo, makanika wamkulu. Ndani mnzanga?

— Ndine mayi Zipora a ku Nsungwi. Eni ake a pikapu yoyera ija anakubweretserani alamu anga a Aubrey.

— Ooo, mayi! Mwaswera bwanji?

— Ndaswera, kaya inu?

— Taswera. Ana kunyumba?

— Alipo. Kwanuko?

— Kuli bwino, dzuwa lokhali. Nanga bambo?

— Ali pakhonde apo. Mwandifulasha katatu, ndiye ndati ndiimbe.

— Eee, mayunitsi anandithera dzulo. Koma nkhani ndi yabwino, mayi. Galimoto yatheka!

— Yathekadi?

— Ikuuluka! Koma yatituluza thukuta. Kumasula shafuti, kumasula mabawuti adzimbiri, amuna anayi pansi pa galimoto ndi jeke. Giyabokosi ija potsika zinali ngati tikugwetsa ng'ombe. Oyilo wake, amene amayenera kukhala wofiira uja, anali bii, kununkha ngati nyemba zopserera.

— Ndiye mwapeza ina?

— Ndapeza yoposa pamenepo. Ndakuikirani ya... halo?

— Mukuduka. Mwati ya chiyani?

— Dikirani ndikwere pa chitayala apa. Mukundimva? Ndati ndakuikirani manyuwo!

— Manyuwo ndiye chiyani?

— Ya magiya apamanja, mayi. Giyabokosi yeniyeni. Zija za otomatiki ndi zoseweretsa. Ndi za madona a ku Area 10 opita ku saluni. Batire ikafooka simungaikankhe kuti ilire, mumangoima pamsewu ngati mbuzi yogulitsa. Mwamuna weniweni amasintha magiya yekha, galimoto izimumvera. Otomatiki ndi ya alesi.

— Ya alesi.

— Alesi enieni! Ine ndikaona mwamuna akuyendetsa otomatiki ndimamva manyazi m'malo mwake.

— A Rabson, pansi pa chiwongolero pali mapedulo angati tsopano?

— Atatu. Ndaboola ndekha, ndawotcherera ndekha. Simungadziwe kuti sinabadwe choncho.

— Yachitatuyo ndi ya chiyani?

— Kilachi. Osaponda imeneyo giya silowa.

— Amaponda ndi mwendo uti?

— Aaa mayi, wamanzere. Zimenezo ngakhale mwana wa ku nasale akudziwa.

— Chabwino. Pachiwongolero ndinamatapo pepala. Munaliona?

— Ndinaliona.

— Linati chiyani?

— Linati... mukachotsa otomatiki mubwezeretse otomatiki.

— Kuwerenga mumatha, eti? Ndimayesa mwina sukulu inakukanani.

— Mayi, musandinyoze. Ndinaona kuti dzanja ndi la mzimayi, ndiye ndinati za galimoto sangazidziwe, ndiwathandize maganizo. A Aubrey anangoti iziyenda basi.

— Foni yofulashira munali nayo. Yofunsira munalibe?

— Ine zaka khumi ndi zisanu ndili pansi pa galimoto, sindifunsa...

— Khalani chete, ndikuuzeni za mlesi wanuyo. Amuna anga a Nedson ayendetsa mathiraki zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Beira, Joni, Dar. Magiya khumi ndi awiri, inu mukadali kutsuka masipanala a eni ake. Chaka cha 2004 thiraki inawagwera ku Tete. Mwendo wamanzere anaudula pamwamba pa bondo.

— Mayo ine.

— Mayo wa chiyani? Pitirizani, mumati mumamva manyazi m'malo mwawo.

— Sindimadziwa, mayi. Mulungu akudziwa.

— Mulungu musamulowetse m'galaja mwanumo, angade ndi girizi. Tinafufuza chaka chathunthu pikapu ya mapedulo awiri. Pa Lilongwe pano tinapeza imodzi yokha, nkhalamba imeneyo. Anaiyendetsa masabata atatu, munthu nkuyambanso kuseka, kenako inafa. Amayi a tomato a pamsika wa Nsungwi agwirizana nawo kuti Lolemba ayambe kuwatengera madengu ku Mitundu. Akalephera Lolemba, amayiwo apeza wina. Amuna anga abwerera pakhonde kukawerenga nkhuku za aneba.

— Pepani kwambiri.

— Pepani saponda kilachi. Tsitsani chinthu chanucho, mubwezeretse yakale ija. Tikaipereka kwa makanika wodziwa, akaikonze.

— Ija... eee... netiweki ikuvuta, mayi.

— Ndikukumvani bwinobwino. Ija yatani?

— Zam'kati zinali zitaperepeseka. Tinataya.

— Chigoba chake?

— Chinangokhala apa nkumatipunthwitsa. Ndiye kunabwera anthu aja a ku Mgona, osungunula zitsulo aja.

— Opanga mapoto?

— Omwewo.

— Mwendo wa amuna anga mwausandutsa mapoto.

— Mayi, mwendo bwanji? Inali giyabokosi yakufa.

— Unali mwendo wawo umenewo! Wina anausiya ku Tete, wina mwaugulitsa ku Mgona kuti anthu aziphikira bonongwe. Makanika wamkulu! Ukulu wake uli pakamwa pokha.

— Tifufuza ina. Pali mnzanga amapita ku Joni, mwina miyezi iwiri, itatu...

— Lolemba ndi mkuja, bambo.

— Kapena panopa angolemba kaye dalaivala. Iwo azikhala pambali nkumalondolera njira.

— Dalaivala wa Beira akhale pambali ngati katundu? Azinyamulidwa limodzi ndi tomato? Mutu wanuwo munaumasulanso mabawuti?

— Ndimangothandiza maganizo.

— Maganizo anu tawaona, ali ndi mapedulo atatu. Mukumva kugogoda uko?

— Ndikumva.

— Ndi ndodo zawo, akubwera kuno. Kuyambira m'mawa akupolisha nsapato yawo imodziyo, akuti mawa akaitenga okha galimoto ku Biwi, anthu a m'minibasi awaone pobwerera. Ine sindiwauza. Muwauze ndinu.

— Ayi mayi, chonde. Muyambe mwawakonzekeretsa inuyo, ndinu mukuwadziwa.

— Muwauze zonse, za madona a ku saluni, za mwamuna weniweni. Musasiyeko.

— Mayi, mayunitsi atha...

— Mayunitsi ndi anga, ndaimba ndine. Bambo a Chisankho, nayi foni. Makanika wamkulu ali ndi uthenga wanu.

— Mayi, dikirani kaye! Mayi!

— Halo? A makanika? Nedson pano. Mwaswera bwanji, achimwene? Ndamva mayi akuti yatheka. Mwagwira ntchito, Mulungu akudalitseni. Ndiye mawa ndifike nthawi yanji? Musavutike zondibweretsera, ndidzaiyendetsa ndekha. Halo? A makanika? Halo?