Malemu Elliam Makwinja Asiya Ana Asanu ndi Mmodzi

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1941 kwa Kawinga. Amene ndikuwerengane ndine Raymond, mwana wawo woyamba. Pepala limene abale athu a ku Balaka anabwera nalo dzulo likuti malemu asiya ana anayi. Dzina langa mulibe, la mlongo wanga a Modester mulibe. Pepala limenelo ndalipinda, ndiwerenga langa.

Sukulu analekezera Sitandade 3. Mu 1960 anadzakwatira mayi athu a Emmie kuno kwa Mposa, ukwati wa mu tchalitchi, ndipo anakhala pachikamwini. Ine ndinabadwa mu 1962, a Modester mu 1965.

Mu 1969 anapita ku migodi ku Joni. Pobwerera mu 1974 anatsikira pa Balaka ndi makina osokera, osapitiriranso. Anakwatira mayi Monica ndipo anakhala telala wa pakhonde zaka makumi anayi. Ntchito ankaidziwa, izo sinditsutsa. Koma mayi athu sanawasudzule. Ankhoswe anapitako kawiri, n'kungopatsidwa tiyi. Mayi anakhala mkazi wa mwini wopanda mwini, amuna ena akuwaopa, mpaka anamwalira mu 2009. Pamaliro awo malemu sanabwere.

Mu 1976 ndinakwera sitima pa Liwonde kukawaona. Anandiyeza m'chiuno ndi tepi, nandisokera kabudula wa kaki tsiku lomwelo. Kwa mayi Monica anati ndine mwana wa achimwene awo. Ndinamva ndi makutu angawa. Kabudulayo anali wabwino, ndinamuvala zaka zitatu, ndipo aliyense wondifunsa ndinkamuuza monyada kuti asoka ndi bambo anga. Sukulu ndinasiyira Sitandade 4 kuti ndizilima ndi mayi.

Mu Okutobala 2022 malemu anafa ziwalo mbali yakumanja, pakamwa n'kupotoka. Mayi Monica anali atatsogola kale. A Lloyd, mmodzi mwa ana awo a ku Balaka, amene lero avala suti pampando wakutsogolopo, anawabweretsa kuno pagalimoto yahayala, akuti m'tauni aliyense ndi wotanganidwa, kumudzi kuli mpweya wabwino. Tsiku limenelo njira ya kwa Mposa anaidziwa. Tsiku limenelo tinali ana.

A Modester ndi amene akhala akuwamwetsa phala ndi kuchapa zofunda zimene sindingazitchule pagulu. Kuwasambitsa ndi kuwameta inali ntchito yanga. Masiku ena ndinkawakhula msana mwamphamvu dala. Iwo ankangondigwira mkono ndi dzanja lamoyolo, osandisiya. Ngati kunali kupepesa kapena kuopa kugwa, sindikudziwa. Anamwalira Lachisanu pa 13 Juni 2025, mbandakucha, ndipo ndinawatseka maso ndine.

Lero wailesi ikuti ndi Tsiku la Abambo. Andionetsa pafoni zithunzi zimene abale athuwa aika, akuti bambo woposa onse padziko. Kwa iwo mwina anali otero, anawaphunzitsa mpaka sekondale. Sindikuwalanda bambo awo, iyayi. Koma asatifufute ife pofuna kuti mbiri ikome. Nyumba imene munatuluka bokosili ndi ya a Modester.

Malemu asiya ana asanu ndi mmodzi: Raymond, Modester, Lloyd, Chester, Clever ndi Chimwemwe. Alembi a mpingo, lembani momwemo, ndidzaona bukulo. Zidzukulu zilipo makumi awiri ndi zitatu, kuwerenga mbali zonse.

Tikuthokoza amfumu potipatsa malo, adzukulu okumba manda, amayi amvano, ndi a Twalibu, anansi athu achisilamu, amene ankawanyamula panjinga kupita nawo kuchipatala pomwe a magalimoto sankayankha foni.

Ababa, ndakukwiyirani zaka makumi asanu ndipo sindinama pamaso pa anthuwa kuti zatha. Koma chiyambire Lachisanu ndikumadzukabe kukatenthetsa madzi anu osamba. Pitani, mzimu wanu ukause mumtendere.