Mphaka Amene Ankati Ndi wa Ufiti

Moni abale ndi alongo m'dzina la Ambuye. Ndine Madalitso, wa mtima wapachala uja wa ku Wheaton, kuno ku America. Sukulu ndinalekeza Fomu Wani, ndiye ndilemba mmene ndimayankhulira. Mayesero anga anali khunyu, osati langa, koma la mphaka.

Ndinkagwira ntchito yosamalira gogo wina wachizungu. Atatsala pang'ono kumwalira anandigwira dzanja, nati ndisamale mphaka wake Bulaki. Ndinalonjeza, osadziwa kuti kanyamako kamagwa.

Nthawi imeneyo ndinkagona pabalaza kwa a Kachingwe, mkulu wa mpingo, ku Hyattsville. Tsiku lina tikudya, Bulaki anagwa n'kuyamba kuphupha, thovu lili kukamwa. A Kachingwe anatseka mphuno, paja kwathu ku Ntcheu amati ukapuma mpweya wa wakhunyu nawenso uyamba kugwa. Kenako anamumenya theche mpaka kukhoma.

"Tulutsa ufiti wakowu, iwe mnyamata! Zakumudzi wabwera nazo ku America?"

"Bambo, ameneyu anabadwira ku Maryland konkuno, Ntcheu sakuidziwa n'komwe!"

Anatithamangitsa tonse awiri, ndipo pofika Lamlungu anthu kutchalitchi anali atasiya kundipatsa moni wa m'manja.

Mudziwe chinthu chimodzi. Mlongo wanga Tamara anagwera pamoto ndi khunyu ine ndili mwana, anthu ataima patali atatseka mphuno chomwecho. Mabalawo ndi amene anamupha. Ndiye theche lija kwa ine silinagwere mphaka yekha. Ndinkapemphera kuti Ambuye awagwetse a Kachingwe pamasitepe a pa siteshoni ya sitima ya Metro, ndipo matayala a galimoto yawo ndinkawayang'ana ndi maso a mpeni.

Ndinapeza kachipinda kapansi ku Wheaton, koma Bulaki ankangoipiraipira. Mapiritsi a khunyu amene ndinkamumwetsa anasiya kugwira ntchito. Dokotala wa ziweto anati chatsala ndi jakisoni womugoneka osadzukanso. Ndinalira, ine mwamuna.

Mulungu anatuma mayi Zulu, namwino wa ku Lusaka amene sanasiye kundipatsa moni.

"Iwe mwana, leka kulila," anatero. "Ku sukulu ya madokotala ba nyama bali kuyesa mankhwala yanyowani. Mupeleke."

Kumeneko dokotala wamkazi sanandibisire kanthu. Anati mankhwalawo sanayesedwe pa amphaka ambiri, ndipo akhoza kuwononga chiwindi. Anatinso amphaka ena alandira atsopanowo, ena akale omwe aja, mochita maere, ndipo ine kapena iye sitidziwa kuti Bulaki wagwera mbali iti. Ndinamenya tebulo. Moyo wa mphaka wanga auchitire maere ngati mpikisano? Ndinatuluka osatsanzika.

Pa basi mutu unazizira. Ndikakana, jakisoni uja akudikira. Ndikavomera Bulaki n'kufa, a Kachingwe adzati ufiti wabwerera mwiniwake. Koma Tamara palibe amene anamuyesera chilichonse, anangomuonerera. Nditafika kunyumba ndinagwada, ndinati Ambuye, maerewo muponye ndinu. M'mawa ndinabwerera kukapepesa, ndipo ndinavomera.

Mpaka lero sindidziwa kuti ankamwa ati. Chimene ndikudziwa n'chakuti kugwa kunayamba kutalikirana, ndipo Bulaki ananenepa mpaka kusowa khosi.

Tsono imvani ntchito za Mulungu. M'nyengo yozizira makoswe analowa m'nyumba ya a Kachingwe. Anaboola thumba la ufa, anadya suti yawo ya Mgonero, misampha ankangoilumpha. Loweruka lina ndinamva kugogoda. Ndi a Kachingwe, chipewa chili m'manja.

"Mwana wanga, akazi anga akuti utibwerekeko mphaka uja."

"Uti? Wa ufiti uja?"

Anayang'ana nsapato zawo. Ndinati ndiwabwereka, koma adzamutengere kutchalitchi mawa mapemphero akatha, amunyamule pachifuwa anthu onse akuona, ndipo mapiritsi azimumwetsa okha ndi zala zawo.

Anabwera. Anamunyamula pakhomo pa tchalitchi, mphuno ili yosatseka, amayi a chigwirizano akuseka m'zitenje. Bulaki anawakanda tayi mpaka ulusi kutuluka, ndipo ine sindinamuletse.

Abusa akuti ndikhululuke. Ndikuyesetsa, mundipempherere, chifukwa mtima ukadali wotentha. Koma ndikuthokoza Ambuye chifukwa cha mayi Zulu, dokotala uja, ndi lonjezo langa kwa gogo limene silinagwe pansi. Iwe amene akukunyoza lero, pirira, ndipo matayala a munthu usawakhudze. Mulungu ali ndi makoswe ake, ndipo adiresi amaidziwa.