Makadi awiri a foni pa thandala la a Jafali

Moni abale anga mwa Ambuye, nonse amene mumawerenga tsamba lino. Ndine Felizarda wa ku Chiuta, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito ngati wakuba, pa mlandu umene sindinkaudziwa mutu wake.

Ndinabadwira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndipo mtendere utabwera ndinafika kuno ku Mozambique ndili kumsana kwa mayi. Mpaka pano ena akamva kalankhulidwe kanga amanong'onezana kuti, "Amalawi awa." Ndinaphunzira za makompyuta movutikira, kenako kampani ina yaing'ono ya ku Nampula inandilemba kuti ndizigwira ntchito ndili kwathu. Kumeneko kuli pulogalamu yosunga kusintha kulikonse kumene anzanga apanga pa ntchito yawo. Ine ndimalemba timalamulo tifupitifupi toyesa ngati kompyuta yanga ndi ya ku ofesi zikumvana pa intaneti. Kena kamagogoda, kena kamafunsa ngati kuli chatsopano, kena kamadula nkhani pakati mwadala kuti tione ngati china chingawonongeke. Kalikonse kamalemba nthawi ndi kumene uthenga wachokera.

M'mawa wina ndinapeza kiyi yanga yolowera mu pulogalamu ija yatsekedwa. Shefi wathu, bwana wa kuntchito, anandiimbira, mawu ali gwa.

"Dona Felizarda, kiyi yanu ikumalowa kuchokera ku Malawi. Mwaipereka kwa ndani?"

Ndinalumbira kuti sindinaipereke kwa munthu. Iwo anangoti ndiwatumizire chithunzi cha biyeti, chitupa changa cha unzika, ndipo ngati pofika kumapeto kwa mwezi palibe yankho, ntchito yatha. Za biyetizo zinandipweteka kuposa zonse.

Abale, ine mtima wokayikira ndili nawo, sindibisa. Ndinayamba ndi msuweni wanga wa ku Malawi amene anadzacheza kwathu, ngakhale sadziwa n'komwe poyatsira kompyuta. Ndinafika pa amuna anga, mpaka laputopu ndinkaibisa m'thumba la chimanga. Koma amene ndinamukhazika pamlandu kwenikweni ndi Abilio, mnzanga wa ku ofesi amene amaona timalamulo tanga ndisanatigwiritse ntchito. Munthuyo sankadutsitsa kanthu osakabweza kawiri. Ndinati ndi yemweyu, akufuna malo angawa apite kwa m'bale wake. Akandiimbira sindinkayankha. Chakudya chinasiya kulowa, ndipo kutchalitchi ndinkangoyendetsa milomo.

Chiyambireni mvula, redi, netiweki ya foni, inafooka kunyumba, choncho ndinkagwirira ntchito kunyanja, pafupi ndi thandala loyanikapo matemba la a Jafali, msodzi wachikulire wachisilamu. Lachitatu lina ndinapitanso komweko, opanda ntchito, kungokhala ndi foni m'manja. A Jafali ankatembenuza nsomba uku akung'ung'udza.

"Amama, mukakhala apa muzichenjera nayo foniyo," anatero. "Yangayi ndikangoima pathandala pano imasiya redi ya kwathu n'kuyamba kudya bandulo ya ku Malawi, osandifunsa mwini wake. Mafoni a masiku anowa alibe ulemu."

Ndinatsegula foni yanga msangamsanga. Kuno kumalire aliyense ali ndi makadi awiri m'foni, ndipo langa la ku Malawi ndimaikamo bandulo yochezera ndi azakhali amene anatsala kutsidya. Nditayang'ana, bandulo ija inali itatha psiti. Foni inkasintha yokha kadi, ndipo laputopu, imene imatenga intaneti pa foniyo, inkatsatira. Mlendo wa ku Malawi uja ndinali ndemwe.

Ndinaimbira shefi, sanayankhe. Ndinameza manyazi n'kuimbira Abilio. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Mana, mlongo wanga, tiyese ndi timalamulo tanu tomwe. Ndipempha akutsegulireni kiyi kwa ola limodzi." Mawa lake ndinaikanso bandulo, ndinayatsa kalamulo kogogoda kaja ndili pakhonde, n'kuyamba kuyenda laputopu ili m'manja, Abilio akuonera ku ofesi. Pakhonde uthenga unkachokera ku Mozambique. Nditangofika pa matemba a a Jafali unaduka pang'ono, n'kubwerera ukuchokera ku Malawi. Ndinayenda kawiri, ndipo kawiri konse zinatero.

Kiyi anandibwezera tsiku lomwelo. Popepesa, shefi anandiuza kuti kalata yondichotsa inali italembedwa kale sabata yoyamba, koma Abilio ankalowa mu ofesi mwawo tsiku lililonse kuwachonderera kuti adikire, ati munthu wolemba mosamala chotere sangagulitse kiyi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandilankhula kudzera mwa msodzi wodandaula za bandulo yake. Inu amene mukunamiziridwa, musataye mtima, gwiranibe, thandizo limatulukira kumene simukuyang'anako. Koma ndiulule chimene chimandiliritsa. Masabata onsewo ndinkagwada n'kumutchula Abilio dzina, kupempha kuti Mulungu amuchotse pa ntchito ija. Akanandiyankha mmene ndinkafunira, bwenzi lero ndilibe ntchito, ndiponso ndilibe wondichonderera.