Mtendere wa Anthu Otopa

Magetsi atazima pachigayo cha pa Mkanda, mayi Nabanda anakhalira thumba lawo la chimanga n'kutembenukira kwa bambo wina wachilendo amene ankamvera nkhani zakunja pafoni.

"Bambo, akuti anthu kumeneko afika pa 'kutopa ndi nkhondo'. Ndiye kuti agwirizana?"

"Ayi, mayi. Chidani chilipobe, koma mphamvu zonyamulira mfuti n'zimene zatha."

"Ohoo! Ndiye matenda athutu amenewo, ine ndi mlamu wanga. Talimbirana malire a munda mpaka mawu kusasa. Lamulungu lapitali tinapatsana moni kutchalitchi, abusa mpaka kuyambitsa nyimbo yothokoza."

"Ndiye simunakhululukirane?"

"Ndani? Njala ndi imene yatifoola, bambo. Dikirani tikolole kaye, tidye tikhute."