Mayi Noeleen Prideaux ndi Kalasi ya Lachitatu

Amene tikuwaperekeza lero ndi Mayi Noeleen Prideaux. Anabadwa mu 1946 ku Wentworth. Sukulu analekeza ali ndi zaka khumi ndi zisanu, n'kuyamba ntchito yolongedza malalanje kuno ku Mildura. Mu 1967 anakwatiwa ndi Bambo Clarrie Prideaux, ometa nkhosa, amene anatisiya mu 2019. Ankapemphera mu mpingo wa Uniting, ndipo maluwa a m'tchalitchi anali m'manja mwawo.

Ine ndine Merv Tuckwell. Ndatha zaka makumi anayi ndikuzungulira dziko lino pa galimoto yogona momwemo, kutola nkhani za anthu osawadziwa. Malemuwa anandipeza kochapira zovala, n'kundiuza kuti, "Achikulire oyendayenda inu, Lachitatu masana mulibe chochita. Tiyeni kusukulu."

Sukuluyo ndi ya akuluakulu. Timaonera mafilimu atsopano a dziko lathu lino, kenako n'kumakangana. Filimu ikangotha, oyamba kuyankhula anali malemuwa: "Mnyamata wa mufilimu uja nkhosa sanaigwirepo, simunaone manja kusalala?" Koma tsiku limene tinaonera za ana amene boma linkalanda kwa makolo awo, anayankhula pomalizira. Anatiuza za mnzawo wa pabenchi limodzi kupulayimale amene anangosowa mu 1955. Anali asanauzepo munthu.

Tsono pali nkhani imene ikundisowetsa mtendere. Lamulo la sukulu ndi lakuti kalasi ya anthu osakwana asanu ndi atatu imatsekedwa. Ine ndinali wachisanu ndi chiwiri. Wachisanu ndi chitatu anali Bambo Clarrie, amene akazi awo anapitiriza kuwalembetsa teremu iliyonse ngakhale anali atamwalira. Aphunzitsi akaitana dzina lawo, mayiwa ankayankha osaphethira kuti, "Ali kunyumba, mwendo uja wayambanso."

Mayi Noeleen anayamba kudwala mtima m'mwezi wa Meyi, ndipo anamwalira Lamlungu lapitali kuchipatala. Aofesi ya sukulu anatumiza uthenga wachipepeso kwa Bambo Clarrie. Mwana wa malemuwa, Raelene, posadziwa kanthu, anawayankha zoona, kuti bambo ake anamwalira kalekale.

Apa ndiye tatsala asanu ndi mmodzi, ndipo kulembetsa kutha Lachisanu lino. Enafe sabata imatha osayankhulana ndi munthu, kupatula Lachitatu basi. Ine ndimadzidziwa: kalasi ikatsekedwa ndiliza galimoto, chonsecho maso anga saonanso bwino msewu. Pepani abusa kuti ndikunenera pamanda, kwina konenera ndilibe. Tikufuna anthu awiri, koma amoyo. Mafomu ndili nawo, mundipeza pachipata.

Malemuwa asiya ana awiri, Raelene ndi Glenn, zidzukulu zisanu, mng'ono wawo Mayi Valmai Dunstan, ndi ife asanu ndi mmodzi a Lachitatu.

Apumule mu mtendere wa Ambuye.