Mwini Kampani Saitanidwa

Alendo ofuna kugula pulogalamu anali kale m'njira pamene bwana analowa m'chipinda cha makompyuta, kumene mlamu wake, mng'ono wa akazi ake, ankamalizitsa ntchito. Tsamba loyamba la pulogalamuyo linali ndi ntchito imodzi: munthu akalowa, lifunse seva, kompyuta yosunga maina onse, kudzera pa njira yotchedwa API, mabungwe amene munthuyo ali membala, kenako liwaonetse.

"Lowetsani dzina langa, alamu. Alendo ayambe kuona ine."

Mlamuyo analowetsa. Tsamba linayera mbee, pakati pali mzere umodzi: Simuli m'bungwe lililonse.

"Yawonongeka," anatero bwana.

"Ili bwinobwino. Yafunsa, yayankhidwa."

"Yayankhidwa zoti chiyani?"

"Zoti mulibe bungwe."

Bwana anakoka tayi. "Kampani ino ndinayambira patebulo la kukhitchini, akulu anu akundithamangitsa kuti adulirepo anyezi. Ifunseni kachiwiri."

Mlamuyo anadina. Mzere uja unabweranso.

"M'mwezi wa Malichi ndinakutumizirani uthenga wokuitanani," anatero. "Simunadine povomera."

"Wondiitanira kuti?"

"M'kampani."

"Yangayi?"

"Eya."

Uthengawo bwana ankaukumbukira bwino. Anauwerenga, anaona kuti ndi chipongwe, n'kuusiya.

"Alamu, munayamba mwaona munthu akuitanidwa kuchipinda kwake?"

"Ayi. Koma seva sidziwa za chipinda. Imadziwa amene anavomera."

"Anavomera ndani?"

"Onse. Owerengera ndalama, a ku malonda, dalaivala."

"Dalaivalanso alimo?"

"Anavomera tsiku lomwelo. Anaikanso chithunzi."

Bwana anayenda mpaka pawindo, n'kubwerera. "Chabwino. Ingolembani dzina la kampani pamenepo ndi manja."

"Ndiye kuti tsamba linama."

"Linama bwanji, kampani ili yanga?"

"Tsamba limanena zimene seva yanena. Foni yanu ili m'thumbamo, alamu. N'kungodina kamodzi."

"Sindidina. Wondiitanayo ndani kodi?"

"Mwini bungwe."

"Ndiye ineyo."

"Pa seva, mwini ndi amene analitsegula. Munati mulibe nthawi ya tizinthu ting'onoting'ono, nditsegule ine."

Bwana anakhala pampando pang'onopang'ono, ngati munthu wamsana. Mtsikana amene anamulipirira sukulu, amene paukwati wawo ankangolirira keke, lero ndiye mwini.

"Dzichotseni."

"Bungwe silikhala lopanda mwini. Seva imakana."

"Ndiye ikani ine."

"Ndingathe. Koma umwini umapatsidwa kwa membala."

"Ndipangeni membala."

"Vomerani."

"Alamu, madzulo ano nkhaniyi ikafika kwa akulu anu."

"Akulu anga alimo. Munati azitha kuona malipoti."

Panja panamveka chitseko cha galimoto, kenako nsapato pamasitepe. Bwana anagwira thumba la foni, chala chinafika mpaka pabatani, koma anabweza dzanja. Kuvomera pamaso pa mlamu kunali kugwada.

"Chotsani dzina langa," ananong'ona. "Lowetsani lanu. Ine ndiziyankhula, inu muzingodina. Musawonjezere kanthu. Akakufunsani, yankhani zokhazo zimene zili pamenepo."

"Zokhazo?"

"Zokhazo."

Alendo analowa, mayi wa magalasi ali patsogolo. Bwana anatambasula dzanja, koma maso a mayiyo anali kale pakompyuta. Tsamba linali litadzaza bwino: dzina la kampani, chizindikiro chake, ndipo pansi pa dzina la mlamu panalembedwa kuti Mwini.

"Zaukhondo kwambiri," anatero mayiyo, akugwira chanza cha mlamuyo ndi manja awiri. "Takondwa kukumana ndi eni ake enieni." Kenako anacheukira bwana, amene dzanja lake linali likadali m'malere. "Nanga bambowa?"

Mlamuyo anayang'ana pakompyuta, anapeza mzere wa anthu oitanidwa, n'kuyankha mwaulemu.

"Awa tinawaitana m'mwezi wa Malichi kuti alowe kampani yathu. Sanayankhebe."