Mafuta Anabwera Feteleza Atatha

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, monire mose. Ndikufuna kuchitira umboni, koma ndiyamba ndi kudziulula.

Ambiri mumandidziwa. Ndine mphunzitsi wa sayansi uja wochokera ku Thyolo, wophunzitsa kuno ku Nthalire, wosunga madzi obiriwira m'zigubu kuseri kwa nyumba. Mama Nyakaonga, musabise nkhope, ndinu munandifunsa ine mphunzitsi m'kayankhulidwe ka kuno kuti, "Asambizgi, kasi madzi owolawa mumamwa?"

Zinali ndere, abale, tindere ting'onoting'ono totulutsa mafuta oyendetsera injini ngati dizilo. Ndinkaphunzira digiri ndili pantchito, ndipo mayeso anga omaliza anali amenewo: ndiwete ndere, ndiziumitse, nditumize ku yunivesite akapime mafuta.

Mayi amene ankandiyang'anira pa maphunzirowo anandiuza momveka bwino: "Muzithire feteleza mpaka zichuluke, kenako muzimane." Ndinavomera ndi pakamwa pokha. Ine ndine mwana wa mlimi. Kwathu chimanga chikachita chikasu, umathamangira yureya. Ndiye madzi aja akangoyamba chikasu, mtima unkandipweteka, n'kuthiramo kasupuni osauza munthu. Chifundo chinapha nkhwali. Ndinatumiza koyamba, mafuta ochepa. Ndinatumiza kachiwiri, mafuta ochepa. Anandiuza kuti kachitatu n'komaliza. Zaka zinayi, abale, zaka zinayi ndikuwerenga, zinali pafupi kupita m'madzi. Ndinachita mantha, ndipo ndinkapemphera mokwiya.

Kenako mvula ija inadula msewu wathu wa Nthalire. Nonse mukukumbuka, ngakhale mchere unasowa. Yureya wanga anatha. Ndere zinachita chikasu, zinasiya kuchulukana, ine n'kumangoziyang'ana ngati mwana wodwala. Ndinakwera pachulu paja pamagwira netiweki, ndinaimbira mayi aja kuti ndagonja, zafa, ndikukakhuthula.

Anandifunsa: "Zakhala masiku angati osadya?" Nditawauza, anafunsanso: "Nanga maulendo awiri aja, munazimana feteleza?" Abale, ndinaulula zonse ndili pachulu pomwepo, misozi ikutsika.

Sanandikalipire. Anati, "Aphunzitsi, ndere si chimanga. Ikakhuta imangoberekana. Ikasowa chakudya koma dzuwa lilipo, imasiya kuberekana n'kuyamba kusunga mafuta m'thupi. Musakhuthule. Umitsani."

Ndinaumitsa. Msewu utauma pang'ono, wa njinga yamoto anapita nazo ku boma, n'kuzitumiza ku yunivesite. Lachisanu lapitali uthenga wafika: mafuta apezeka ambiri, ndipo ndakhoza. Ndakhoza, abale.

Ine ndikudzidziwa. Feteleza uja akanakhalapo, ndikanathiranso. Mutu wanga unkadziwa zoona, koma dzanja langa silinkamva. Mulungu anaona kuti munthu uyu sangaleke yekha, ndiye anachita kunditsekera msewu.

Ndikuthokoza Ambuye, ndikuthokozanso inu amene munkandipempherera ngakhale munkaganiza kuti mutu wanga sukuyenda bwino. Matope aja tonse tinkawadandaula, ndipo ine ndinkadandaula kuposa nonse. Lero imirirani, amayi lululutani, mundithandize kuthokoza Mulungu chifukwa cha matope amenewo.